Musanagule ECU, pezani kaye woitchuna

Anzanga omwe mukumanga galimoto yapamtima panu, makamaka inu oika injini ya Lexus V8, 1UZ-FE ija, mu Hilux yakale: musathamangire kugula ECU chifukwa choti dzina lake ndi lotchuka. Haltech ndi MoTeC za ku Australia, Link ya ku New Zealand, Spitronics ndi Dicktator za ku South Africa, ngakhale Speeduino yotchipa ija yomangidwa pa Arduino, zonsezi ntchito yake yaikulu ndi imodzi: kulamula nthawi yothetheka mapulagi ndi kuchuluka kwa petulo wolowa mu injini.

Dzifunseni kaye kuti adzaitchuna ndani. Gulani imene katswiri wapafupi nanu anazolowera pulogalamu yake, chifukwa moto ukafulumira kwambiri kapena petulo akachepa, injini imagogoda mpaka pisitoni kuwonongeka.

Kenaka werengani mano a kagudumu ka sensa ya crank. 1UZ yakale ili ndi mano 12, pamene ya VVT-i ili ndi 36-2, ndiye ECU yanu iyenera kuwerenga zimenezo komanso kuyendetsa VVT-i ngati ilipo. Ngati giya bokosi ndi ya otomatiki, nayonso ifuna choilamula.

Musaumire ndalama ya sensa ya wideband. Ndi imene imakuonetsani ngati mpweya ndi petulo zili pa 14.7:1 poyenda modekha, ndiponso ngati petulo akuwonjezeka mukaponda moto.

Mawaya nawonso apatseni ulemu. Waya wa earth womangidwa pa bauti yadzimbiri amanamizitsa masensa, inu n'kumanena kuti ECU ndi yakufa. Palani dzimbiriyo, mangani zolimba, kenaka pitani pa dyno.