Generals 2 Inafera M'mazira

Pa 29 Okutobala 2013 kampani ya Electronic Arts, imene ambiri timangoti EA, inalengeza kuti yasiya kupanga gemu yatsopano ya Command & Conquer, ndipo situdiyo ya Victory Games ya ku Los Angeles imene inkagwira ntchitoyi inatsekedwa. Ndikudziwa kuti ena mwa inu akuluakulu mwayamba kale kung'ung'udza kuti za magemu ndi za ana. Pepani, koma tandimvetserani kaye, chifukwa nkhaniyi ikukhudzanso ndalama zimene anawo amatipempha kunja kuno.

Gemu yoyamba, Command & Conquer: Generals, inatuluka mu Febuluwale 2003, ndipo chigawo chake chowonjezera, Zero Hour, chinatsatira mu Sepitembala chaka chomwecho. Ndi gemu ya nkhondo yofuna mutu: umamanga kampu, kutolera chuma, kugula akasinja ndi ndege, uku mdani wako akuchitanso zomwezo mbali ina osakudikira. Magulu anali atatu. America inali ndi zida zodula, China inkadalira unyinji, ndiye panali zigawenga zongopeka zotchedwa GLA. Amenewa analibe ndege ndi imodzi yomwe. Ankadutsa m'ngalande za pansi pa nthaka, ankatola zidutswa za akasinja ophulika n'kulimbitsa nazo magalimoto awo, ndipo kampu yawo sinkafuna magetsi. Ife tinkaseka kuti gulu limeneli kumudzi silingadandaule za kuthima kwa magetsi.

M'zaka zimenezo tinkakhala anyamata atatu m'nyumba imodzi ku Leicester, tonse ogwira ntchito za usiku. Loweruka tinkalumikiza makompyuta awiri ndi chingwe, wachitatu n'kumadikira wogonja uku akuvundula nsima. Intaneti sinkafunika. Mnzathu wina popita ku tchuthi anatenga madisiki ake n'kukasiyira adzukulu ake ku Lilongwe, ndipo kumenekonso gemu inaseweredwa bwinobwino. Ukagula, chinthucho chinali chako, ngati wailesi kapena njinga.

Zinthu zinayamba kupotoka mu 2010 pamene Command & Conquer 4 inatuluka itachotsa kumanga kampu kuja, komanso ikufuna kuti ukhale pa intaneti nthawi zonse ngakhale ukusewera wekha. Okonda gemuyi anakwiya kwambiri. EA inapereka ntchito kwa situdiyo yatsopano, Victory Games, motsogozedwa ndi Jon Van Caneghem, munthu wodziwika chifukwa cha magemu a Might and Magic. Mu Disembala 2011, pa mwambo wa Spike Video Game Awards, analengeza Generals 2 ndi kulonjeza kuti ituluka mu 2013. Situdiyoyo anaipatsanso dzina loti BioWare Victory, ndipo gemu inkamangidwa pa Frostbite 2, injini yomweyo ya Battlefield 3, imene inatchuka ndi nyumba zogumuka ngati zenizeni. Nthano yake inali yoti atsogoleri a dziko lapansi aphedwa pa msonkhano wa mtendere ndipo atsala ndi akazembe a nkhondo okha. European Union inalowa m'malo mwa America, GLA inabwerera, ndipo pambuyo pake anaonjezera gulu la Asia-Pacific Alliance.

Sipanathe chaka. Mu Ogasiti 2012, nthawi ya chionetsero cha Gamescom ku Cologne, dzina loti Generals 2 linachotsedwa. Tsopano inali Command & Conquer basi, yaulere, yoseweredwa pa intaneti, ndipo anati m'tsogolo adzalowetsamo za Red Alert ndi Tiberium. Gawo la nthano loti munthu asewere yekha munalibe. Anthu atadandaula, mkulu wina wa EA, Frank Gibeau, ananena kuti gawolo lidzakhalapo. Chaka chisanathe dzina la BioWare nalonso linachoka, situdiyo n'kubwerera ku dzina lake lakale. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Mawu akuti "yaulere" ndi amene ndikufuna tiwaone bwino. Gemu yotere sulipira polowa, umalipira uli mkati, pang'onopang'ono: kazembe uyu lero, chokongoletsa ichi mawa. Makolo amene ana anu anakupemphanipo khadi ya ku banki kuti agule zovala za kamunthu ka m'gemu mukudziwa zimene ndikunena. M'magemu ena zimenezi zimayenda, koma gemu ya nzeru ili ngati bawo. Kukoma kwa bawo n'kwakuti nonse mumayamba ndi nkhomo zofanana. Mukangokayikira kuti mnzanu wagula zina zapadera, ngakhale asanagule n'komwe, masewera atha. Awa ndiwo anali mantha a osewera ambiri kuyambira tsiku la chilengezocho, ndipo ine ndikuona kuti Generals 2 inafa tsiku limenelo, 2013 anangoika maliro.

Mu 2013 osewera osankhidwa analoledwa kuyesa gemuyo isanathe. Potseka, a Victory Games analemba kuti ndemanga za oyesawo zaonetsa poyera kuti gemu imene akupanga si imene anthu akufuna kusewera, ndipo analonjeza kubweza ndalama kwa amene anagula zinthu mkatimo. Chisoni changa chili pa ogwira ntchito aja. Zaka pafupifupi zitatu akujambula akasinja, kukonza mapu, kuyeza mphamvu za gulu lililonse, kenako ntchito yatha ndipo palibe bokosi loti angalozere mwana wawo m'sitolo. Ifenso amene tinachotsedwapo ntchito kunja kuno lendi ikudikira tikudziwa mmene zimawawira.

Gemu yokhala pa makompyuta a kampani imazima tsiku limene kampaniyo yathimitsa makinawo, ndipo ikanatuluka sindikuona mmene adzukulu aja a ku Lilongwe akanaisewerera ndi mtengo wa mabandulo. Koma yakale ija idakali moyo. Mu Malichi 2024 EA inaika Generals ndi Zero Hour pa Steam, ndipo mu Febuluwale 2025 inatulutsa poyera khodi yake yonse kuti aliyense wodziwa mapulogalamu akonze kapena kuonjezera zimene akufuna. Pa mndandanda wa magemu a Command & Conquer amene mungagule lero, dzina la Generals 2 palibe.