Kachitini ka agogo

Agogo atamwalira ku Chinamwali, tinapeza kachitini ka ndalama zachitsulo pansi pa bedi. Amalume anati titaye, poti sizingagule ngakhale chitumbuwa. Ine ndinakana.

Munali kobiri lobooka pakati, la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, komanso tambala ya 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi.

Ndalama zakale zimasunga mbiri. Mu 1939, m'manda a ku Sutton Hoo ku England munapezeka ndalama 37 zagolide za anthu otchedwa Franks, zomwe zinathandiza akatswiri kuyerekeza zaka za mandawo. Zathuzi n'zamkuwa chabe, koma nazonso zimanena amene ankatilamulira ndi nthawi yake.

Anzanga, mukapita kumudzi funsani za kachitini ka agogo, amalume asanasese m'nyumba.