Mbuzi Ziwiri ndi Kalata Imodzi

Tsiku limene zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zinatuluka, ndinali pakhonde la sitolo pamene ndimasokera, kwathu kuno ku Dedza. Ndinali kupinda mpendero wa siketi ya mayi wina pamene muphwa wanga, mwana wa malemu mlongo wanga, anatulukira akuthamanga, fumbi lili mbuu kumiyendo.

"Amalume, ndasankhidwa! Sekondale yogonera konko!"

Ndinaimitsa makina, ndinamugwira chanza, ndipo ndinatuma mwana kukagula mabanzi. Anzanga apakhonde anabwera kudzandiyamikira ngati kuti mayesowo ndinalemba ndine. Koma usiku onse atagona, ndinatenga kope limene ndimalembamo miyezo ya makasitomala, n'kutembenuza tsamba lakumapeto ndi kuyamba kuwonkhetsa: fizi, ndalama ya chakudya ndi pogona, yunifomu, nsapato zakuda, bulangete, ndowa, sutikesi, makope, sopo, ndi ya basi. Pamene ndinkalemba mzere womaliza, chimwemwe cha masana chija chinali chitauluka. Ine ndi mayi akunyumba tili ndi ana athu anayi. Kuyambira 1994 sukulu ya pulayimale ndi yaulere, choncho kusunga mwana wachisanu sikunatilemere kwenikweni. Sekondale inali nkhani ina.

Chimene ndinachita pambuyo pake ndi chimene chandilembetsa nkhaniyi. Ndinakhala chete.

Pamaliro a mlongo wanga ndinaimirira pamaso pa mudzi wonse monga mwini mbumba, n'kunena kuti mwanayu sadzavutika ine ndili moyo. Ndiye ndikanapita bwanji kwa amfumu omwewo kukanena kuti zandikanika? Anthu akandifunsa za kukonzekera, ndinkayankha kuti zonse zili m'malo. Ngakhale mayi akunyumba sindinawauze kukula kwa dzenje limene linalipo.

M'masiku amenewo bambo wina wachilendo anabweretsa thalauza kuti ndimuikire zipi. Pocheza anandiuza kuti akudziwa bungwe lakunja limene limalipirira ana amasiye mpaka kuyunivesite, ndipo anandisiyira nambala ya foni. Chimene chinandikopa kwambiri n'chakuti zonse zikanatheka pafoni, popanda munthu wa m'mudzi kudziwa. Amene anayankha anali waulemu kwabasi. Anati malo atsala awiri okha, ndipo pakufunika kandalama kolembetsera dzina. Nditatumiza, anati pakufunikanso kena kotsegulira akaunti ya mwana. Mlongo wanga anasiya mbuzi ziwiri. Ndinazikusira kumsika, ndinazigulitsa mothamanga pamtengo wolira, ndipo ndalamazo ndinatumiza pa nambala ija. Mawa lake foniyo sinkapezekanso. Mpaka lero.

Sukulu zinatsegulidwa mu September, anzake anapita, iye anatsala. Sanandifunse kanthu. Ankadzuka m'mamawa, kusesa, kutunga madzi, kenaka n'kukhala kuseri kwa nyumba akuwerenga makope ake akale a Sitandade 8. Wachibale wina anayamba kunena kuti akudziwa banja ku Lilongwe limene likufuna mtsikana wantchito. Wina anangoti, "Wakula uyu, amuna alipo." Ine tulo tinandithawa, mutu unkandiwawa tsiku ndi tsiku, ndipo nditapita kuchipatala anandiuza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Anandifunsa ngati pali chimene chikundidya maganizo. Nakonso ndinati palibe.

Sabata yachitatu, mphunzitsi wake wa Sitandade 8 anakumana naye kuchigayo atasenza chimanga. Tsiku lomwelo madamuwo anafika pakhonde panga, ndipo sanafune n'kukhala pansi komwe.

"Bambo, mwana uja akutani kumudzi?"

Ndinayamba kuzungulira, kunena za nsalu ya yunifomu imene sinapezeke. Anangondiyang'ana mpaka mawu anandithera. Pamenepo ndinawauza zonse, ndi za mbuzi zomwe.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," anatero. "Zotsatira zitangotuluka, komiti ya sukulu ndi amayi a gulu losamalira atsikana anakhala pansi kulemba mayina a ana ovutika amene asankhidwa. Dzina la mwana wanu linatchulidwa. Anthu anati ameneyo musiyeni, amalume ake ndi atelala, anena okha kuti zonse zili m'malo."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kubedwa kwa ndalama. Thandizo limene ndinkalifunafuna kutsidya kwa nyanja linadutsa pakhomo panga, ndipo ndinalibweza ndi pakamwa panga.

Madamuwo anandilembera papepala zoyenera kuchita, motsatana. Choyamba sichinali kufuna ndalama ayi, koma kupulumutsa malo. Mwana wosankhidwa akapanda kuonekera, malo ake amatha kupatsidwa kwa wina pa chisankho chachiwiri. M'mawa mwake ndinakwera basi ndi mwanayo kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu wa sekondale ija. Ndinalowa mu ofesi chipewa chili m'manja, ndikuyembekeza kukalipiridwa. Iwo anamvetsera, n'kunena kuti nkhani ngati yanga amaimva teremu iliyonse, ndipo chimene chimawapweteka ndi ana amene amangosowa popanda kholo kubwera kudzafotokoza. Analola kuti mwana ayambe kuphunzira nditapereka kochepa kamene ndinabwereka kwa mlamu wanga, ndipo anandipatsa kalata yosonyeza kuti ndi wophunzira wawo ndiponso ndalama zimene zimafunika pa teremu.

Chachiwiri chinali chimene ndinkachiopa: kupita kwa amfumu. Ndinakhala pamphasa n'kuulula kuti lonjezo la pamaliro lija landikulira. Sanandiseke. Anaitana mlembi wawo, analemba kalata yochitira umboni kuti mwanayu mayi ake anamwalira, bambo ake sadziwika kumene ali, ndipo akusungidwa ndi amalume ake amene ali ndi ana ena anayi. Anadinda chidindo. Kalata imeneyo, ya mizere yosakwana khumi, inagwira ntchito imene mbuzi ziwiri zinalephera.

Ndi makalata awiriwo, pamodzi ndi ya ahedi a kupulayimale ndi zotsatira za mayeso, ndinapita kuboma, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya khonsolo. Kumeneko ndinadzaza fomu yopempha basale. Ndinayenda maulendo atatu, chifukwa ulendo woyamba ndinalibe umboni wa imfa ya mlongo wanga, ndipo wachiwiri ndinaiwala kuchititsa fotokope. Anandifunsa zimene ndimapeza pamwezi, kukula kwa munda, ndi anthu amene amadya m'nyumba mwanga. Mtima unkanditsutsa uku ndi uku: kwina kufuna kuchepetsa kuti andimvere chisoni, kwina kufuna kuwonjezera kuti ndisaoneke wosauka. Ndinanena zoona. Ndipo zinandithandiza, chifukwa pambuyo pake anafunsa anthu a m'mudzi, ndipo zimene anamva zinafanana ndi zimene ndinalemba.

Yankho linabwera teremu yachiwiri. Ndalamazo sizinadutse m'manja mwanga. Zinapita kusukulu mwachindunji. Zinakwanira fizi ndi pogona, koma sopo, makope ndi ya basi zinatsala kwa ine, ndipo zimenezo makina anga anatha kusenza. Amayi a Dorika a kumpingo kwathu atamva, anabwera ndi bulangete ndi juzi, akundidandaula kuti bwanji sindinanene kale. Aliyense amene ndinkamubisira anali ndi kena m'manja.

Pa zaka zinayi zimenezo ndinaphunzira kuti basale si mwayi wongogwa ngati mvula. Ili ndi makomo ake, ndipo ambiri mwa makomowo ali pafupi. Kuli komiti ya pasukulu. Kuli khonsolo. Kuli thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, limene m'madera ambiri limathandizako ana osowa fizi. Kuli mabungwe ngati CAMFED, limene linayamba ku Zimbabwe mu 1993 n'kufika m'Malawi mu 2009, ndipo limathandiza atsikana a m'midzi ndi fizi, yunifomu, nsapato ndi zofunika pa nthawi ya kumwezi m'maboma amene limagwiramo ntchito. Makomo onsewa ali ndi khalidwe limodzi: amadalira mayina ochokera kusukulu ndi kumudzi. Ngati aphunzitsi ndi amfumu sakudziwa vuto lanu, ndiye kuti m'mabuku a othandiza mwana wanu mulibe. Ndipo ngakhale pamene boma lachotsa fizi zina, chakudya cha kogonera, yunifomu ndi ulendo zimakhalabe pamutu pa kholo, choncho kufunsa sikutha ntchito.

Ndinaphunziranso kusunga mapepala. Ndinagula envulopu yaikulu yakhaki, ndinaiika m'jumbo kuopa chinyezi ndi chiswe, n'kuisunga pansi pa sutikesi. M'menemo munkalowa chilichonse: makalata odinda, malisiti, lipoti la teremu iliyonse, ndi mafotokope ake. Pepala lenileni sindinkalisiya mu ofesi iliyonse. Teremu ikatha ndinkapititsa lipoti kwa otithandiza ngakhale asanapemphe, ndipo mwanayo ankalemba kalata yothokoza ndi dzanja lake. Thandizo limafuna kuthiriridwa ngati mbewu ya kudimba; amene wakupatsa chaka chino afuna aone kuti sanataye madzi pamwala.

Atafika Fomu 4, ntchito yofufuza anaitenga yekha. Ankadziwa kuti yunivesite imafuna makirediti asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, Chingerezi chili momwemo, ndiponso kuti mapointi akachepa m'pamene mwayi umakula. Atakhoza, anafunsira malo kudzera ku bungwe la NCHE, ndipo anasankhidwa kupita ku Yunivesite ya Mzuzu kukaphunzira zauphunzitsi. Ulendo uno sitinadikire kuti sukulu itsegulidwe. Ankamvetsera wailesi, kuwerenga nyuzipepala zakale zimene ndimadulira mapatani, ndi kufunsa amene anamutsogolera. Kumbuyo kwa chitseko anamata pepala la masiku otsekera kulandira mafomu, chifukwa fomu yabwino yofika mochedwa ndi chimodzimodzi yosalembedwa. Analembera malo angapo. Awiri anamukana, amodzi sanayankhe n'komwe. Analira tsiku limodzi, n'kulembanso.

Khomo limene linatseguka ndi la bungwe la boma lopereka ngongole ndi thandizo kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 2015. Nditamva liwu lakuti ngongole ndinakana, poti m'mutu mwanga munabwera katapila. Mwanayo anandikhazika pansi.

"Amalume, iyi sabwera kudzalanda makina anu. Wosaina ndine, ndipo ndidzabweza ndikadzamaliza sukulu. Zimene ndidzabweze ndi zimene adzaphunzirire wina."

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kusiyana kwake. Basale ndi mphatso, sibwezedwa. Ngongole ya maphunziro imabwezedwa, ndipo woitenga ayenera kuwerenga chimene akusaina. Zonse ziwiri ndi zothandiza, bola munthu adziwe chimene wanyamula.

Panali kandalama kolipira pofunsira, ndipo nditamva zimenezo thupi linachita tsemwe pokumbukira mbuzi zija. Koma onani kusiyana kwake: chilengezo chinali chapoyera, ndalamayo inakalipidwa kubanki mu akaunti ya dzina la bungwe, ndipo tinapatsidwa lisiti. Panalibe munthu wotiumiriza kuti titumize lero lomwe pa nambala yake, panalibenso wotilonjeza kuti malo ndi athu tisanalembe n'komwe. Kuyambira pamenepo muyezo wanga ndi womwewo. Wothandiza weniweni ali ndi ofesi imene mungaipeze ndi miyendo yanu, amafunsa mafunso ambiri, ndipo sachita mantha mukanena kuti mukufuna mukafunse kaye ahedi. Wakuba amakonda changu ndi chinsinsi, ndipo munthu wamanyazi ngati mmene ndinalili ine ndiye ndiwo yake.

Lero muphwa wanga akuphunzitsa pa sekondale ina yoyendera, ndipo mwezi uliwonse amabwezako ngongole ija. Amandiuza kuti teremu ikayamba amayang'ana mipando yopanda anthu, n'kufunsa anzawo kumene eni ake ali. Ine magazi anatsika, ngakhale mankhwala ndimamwabe monga anandilangizira.

Ntchito yanga imandionetsa zimene ena saona. Kholo limene zinthu zili bwino limabwera ndi nsalu yatsopano. Limene zavuta limabwera ndi siketi yakale ya mkulu wake kuti ndiichepetse, kapena limafunsa mtengo wa yunifomu kawiri n'kuchoka osanena kanthu. Kale ndinkangosoka. Masiku ano ndimafunsa.

Mwezi wathawu agogo ena anabwera ndi mdzukulu wawo wamwamuna, atanyamula kabudula wa kupulayimale, kufunsa ngati ndingathe kumulumikiza kuti akhale thalauza. Ndinawapatsa mpando.

"Agogo, mwanayu wasankhidwa?"

"Eee, bambo, wasankhidwa. Zonse zili m'malo."

Ndinaseka pang'ono, chifukwa mawuwo ndinawadziwa mwini wake. Ndinavundikira makina ndi nsalu, n'kuwauza nkhani ya mbuzi ziwiri. Pamene ndinkamaliza, anali akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ndinang'amba tsamba m'kope la miyezo, ndinalemba zoyenera kuchita motsatana monga anandilembera madamu aja, ndipo tinapangana kuti Lachiwiri m'mawa tipitire limodzi kwa amfumu.