Liwiro Nalo Liphunziridwa

Anthu ambiri aganiza kuti kuthamanga sikufuna mphunzitsi. Amati mwana akadziwa kuyenda, liwiro lidza lokha. Mnyamata wina wa ku Lusaka anali kuganiza comweco, kufikira tsiku limene analephera pa mpikisano wa kusukulu. Anayamba ndi liwiro la gwape, nasiya anzace onse m'mbuyo. Koma asanafike pakati mpweya unamthera, ndipo anakhala pansi pamaso pa khamu lonse. Anacita manyazi kwambiri, nalumbira kuti sadzathamanganso.

Amalume ace anali oyendetsa lole, ndipo pa unyamata wao anali katswiri wa liwiro. Sukulu zitatsekera m'mwezi wa Ogasiti, iwo anamtenga pa ulendo wa ku Chipata. Mseu umenewu utalika makilomita oposa 550, ndipo popeza anali kutsitsa katundu m'masitolo a m'njira, anagona katatu paulendo.

Usiku woyamba anagona pafupi ndi Rufunsa, m'dziko la mapiri. Tambala atalira, amalume anamdzutsa, nati, "Mphwanga, dzuka, tikaongole miyendo." Mnyamata sanafune, koma sanathe kukana mau a akulu. Analowa m'kanjira kokwera phiri, pakati pa mitengo ya miombo imene inali kuphuka masamba ofiira. Iye anayamba kutaya miyendo patali monga mwa cizolowezi cace, ndipo posacedwa anali wefuwefu.

"Phiri sacita nalo makani," anatero amalume. "Fupikitsa mapazi. Weramira kutsogolo pang'ono ndi thupi lonse, osapinda m'ciuno, cifukwa wopinda m'ciuno apanikiza cifuwa cace. Manja apindike pacigongono, apite kutsogolo ndi m'mbuyo, osapingasa pamimba. Usafumbate zibakera, yesa ngati wagwira dzira la nkhuku." Mnyamata anayesa, ndipo anazizwa poona kuti wafika pamwamba asanaime. Kumeneko anaona mapiri atandandalika kufikira kumene maso alekeza, ndi nkhungu itagona m'zigwa.

Tsiku laciwiri anatsika ndi mseu wokhotakhota kufika ku mtsinje wa Luangwa, kumene kuli ulalo waukulu womangidwa m'caka ca 1968. Lusaka ali pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, koma cigwa ici cili pansi ndithu. Cifukwa cace kumatentha koposa. Pafupi ndi ulalo amai anali kugulitsa nsomba zouma ndi madengu. Amalume anamuuza kuti m'dziko lotere munthu wanzeru athamanga kusanatenthe, namwa madzi okwanira, ndiponso sayandikira gombe, popeza mumtsinje muli ng'ona ndi mvuu.

Madzulo, akuotha moto, anamsimbira za Yotham Muleya, mnyamata wa dziko lino. M'caka ca 1958 Muleya anapita ku Salisbury, mzinda umene lero ucedwa Harare, nathamanga mailosi atatu wopanda nsapato. Masiku amenewo kunali tsankho la khungu, ndipo ena sanafune kuti munthu wakuda apikisane ndi Azungu. Koma iye anapambana Gordon Pirie, katswiri wochuka wa ku Britain. Caka cotsatira anafa pa ngozi ya galimoto ku America, ndipo mseu wina wa mu Lusaka uli ndi dzina lace. Mnyamata uja anali atayenda mumseuwo kawirikawiri osadziwa mwini dzinalo. Usiku umenewo anacedwa kugona.

M'mamawa anathamanga m'kanjira kotsetsereka, pakati pa milambe. Mnyamata anayesa kuti kutsika nkwapafupi, koma anali kupendamira cagada ndi kuponda ndi citendene patsogolo, kotero kuti maondo anayamba kuwawa. Amalume anati, "Wotero afanana ndi woyendetsa amene aponda mafuta ndi buleki nthawi imodzi. Phazi ligwe pansi pa thupi lako, mopepuka. Maso aone njira patsogolo, kuti usankhe popondapo mwala usanakupunthwe."

Usiku wacitatu anagona ku Katete, m'tsinde mwa mapiri a Mphangwe. Kutaca anatsata njira ya pakati pa minda ndi midzi, napitirira anyamata oturutsa ng'ombe m'khola. Amalume anamuuza kuti awasimbire nthano akuthamanga. Mnyamata anaseka, koma poyesa anapeza kuti akafulumira mau aduka. "Ndico ciyeso cako," iwo anatero. "Pa ulendo wautali, ukalephera kulankhula, dziwa kuti wadya mbeu. Sunga mphamvu ya kumapeto." Apo ndipo anazindikira cimene cinamgwetsa pa mpikisano uja: miyendo inalibe mlandu, koma iye anamwaza mphamvu yace yonse poyamba.

Sukulu zitatsegulira analembetsanso dzina lace. Mluzu utalira anzace anauluka, ndipo mtima unamuuza kuti awatsate. Koma anakumbukira njira ya ku Katete, nadziletsa. Ena amene anakumbukira za kale anayamba kumseka. Pang'onopang'ono anayamba kupitirira otopa, mmodzimmodzi, ndipo anatsiriza wacitatu. Mphoto yoyamba sanalandire, koma anafika ali ciriri, mpweya ulipo.

Akulu anati, "Kuthamanga sikufika." Khasu aliyense atha kuligwira, koma wodziwa kaligwiridwe ndiye atsiriza ndime dzuwa lisanakwere. Liwiro liri cimodzimodzi. Mphatso ya miyendo munthu abadwa nayo, koma kathamangidwe acita kuphunzira, ndipo wokana kulangizidwa atsala panjira ngakhale ali ndi mphamvu.

Mafunso

1. Cinamlepheretsa mnyamata pa mpikisano woyamba nciani?
2. Chulani zinthu zitatu zoyenera kucita pokwera phiri.
3. Kodi Yotham Muleya akumbukika cifukwa ninji?