Kanyali kolozera disiki yodwala

Lolemba usiku

Seva yanga ndi bokosi lachikale logwirapo kale ntchito, la mathireyi 8 kutsogolo, ndipo 6 mwa iwo ali ndi madisiki. Ndinaikamo Linux ndi ZFS, madisikiwo ndinawamanga pamodzi mwa RAIDZ1. Lero lamulo la zpool status landiuza kuti disiki ina yayamba kulephera kuwerenga, dzina lake sdd. Ndaima patsogolo pa bokosi kuyang'ana mathireyi ofanana ndendende, palibe yolembedwa sdd.

Chandidetsa nkhawa n'chakuti RAIDZ1 imapirira kutayika kwa disiki imodzi yokha. Ndikasolola yabwino pomwe yodwalayo ikadali mkati, ndiye kuti ziwiri zachoka, ndipo zithunzi zonse za banja lathu zili m'menemo. Sindikhudza kanthu usiku uno.

Lachiwiri

Ndimaganiza kuti sdd ndi disiki yachinayi kuchokera pamwamba, poti d ndi lemba lachinayi. Sizitero. Linux imapereka malembawa motsatira mmene madisiki ayankhira pamene makina akudzuka. Magetsi atathima masana n'kuyakanso, disiki yomweyo yabwera ngati sdc. Chosasintha ndi serial number yomwe fakitale inadinda pa disikiyo. Lamulo la lsblk -o NAME,MODEL,SERIAL limaonetsa manambalawa onse, ndipo mu /dev/disk/by-id muli maina opangidwa kuchokera pa manambala omwewo. Ndakopera nambala ya yodwalayo m'kope. Vuto latsala n'lakuti chizindikiro chake chili pamsana pa disiki, mkati mwa thireyi, ndipo kuti uchione uyenera kusolola.

Lachitatu

Thireyi iliyonse ili ndi tinyali tiwiri. Kamodzi kamathwanima disiki ikamawerengedwa kapena kulembedwa, kachiwiri sikanayakepo chigulireni bokosili. Ndayamba ndi koyambako. Ndalamula dd if=/dev/sdc of=/dev/null, kutanthauza kuti werenga disiki yonse n'kutaya zowerengazo, ndipo kanyali ka thireyi yachiwiri kumanzere kayaka mosalekeza ena ali chete. Mtima unakhala pansi pang'ono.

Komabe njirayi ili ndi polekezera. Imafuna kuti seva ikhale isakugwira ntchito ina, chifukwa ZFS ikamachita scrub, kuwerenga madisiki onse pofufuza zolakwika, tinyali tonse timathwanima limodzi. Ndipo disiki ikafa kotheratu siwerengekanso, ndiye uyenera kuwerenga zamoyo zonse n'kuona thireyi yomwe yakhala mumdima. Chinanso, pa dd muyenera kuonetsetsa if ndi of musanadinde Enter. Disiki ikakhala pa of, dd imalembapo zilizonse zochokera ku if m'malo moiwerenga.

Lachisanu

Tsiku lonse lapita pa kanyali kachiwiri, ndipo ndi pano pomwe ndaphunzira zenizeni. Kanyalika sikayatsidwa ndi disiki. Kamakhala pa backplane, bolodi lomwe madisiki amalumikizikapo kumbuyo kwa mathireyi, ndipo kamayaka pokhapokha khadi loyendetsa madisiki likatuma uthenga. Uthengawo uli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi SGPIO, yolongosoledwa mu SFF-8485: m'chingwe cha SFF-8087, chomwe chimanyamula madisiki anayi, muli timawaya tina tapadera tonyamula za tinyali zokha. Yachiwiri ndi SES, yomwe imapezeka kwambiri m'mabokosi okhala ndi expander, kachipangizo kolumikiza madisiki ambiri ku khadi limodzi, pomwe bokosilo limaoneka mu Linux ngati chipangizo pachokha ndipo umatha kulankhula nalo ndi sg_ses.

Ndayamba ndi ledctl locate=/dev/sdc, ya mu pulogalamu ya ledmon yomwe inachokera ku Intel. Kanyali sikanayake. Bokosi langa lilibe expander, madisiki amapita molunjika ku khadi la LSI 9211-8i, ndipo khadili lili ndi pulogalamu yakeyake, sas2ircu. Lamulo la sas2ircu 0 display latulutsa mndandanda wa madisiki onse, iliyonse ndi serial number yake, nambala ya enclosure ndi ya slot. Yodwalayo ili pa 1:1. Ndalemba sas2ircu 0 locate 1:1 ON, ndipo kanyali kofiira kayamba kuthwanima mofulumira pa thireyi yomweyo yomwe dd inandilozera Lachitatu. Ndinakondwa kwambiri, chifukwa njira ziwiri zosadalirana zaloza malo amodzi.

Kathwanimidweko nakonso kali ndi tanthauzo lolembedwa mu SFF-8489. Kanayi pa sekondi ndiye kuti disiki ikufunidwa, kuyaka osathima ndiye kuti yafa, kamodzi pa sekondi ndiye kuti ikumangidwanso. Opanga mabokosi ena amasintha mitundu ya kuwala, choncho ndi bwino kuona buku la bokosi lanu. Zindikiraninso kuti ma slot amayamba kuwerengedwa pa 0, n'chifukwa chake slot 1 ndi thireyi yachiwiri.

Loweruka m'mawa

Disiki yatsopano yafika. Ndayamba ndi zpool offline kuti ZFS isiye kugwiritsa ntchito yodwalayo, ndayatsa kanyali, ndasolola thireyi, ndipo ndisanamasule sikuluwu iliyonse ndafanizira nambala ya pa chizindikiro ndi ya m'kope. Zagwirizana. Ndimakhulupirira kanyali tsopano, koma mawaya akhoza kulumikizidwa mopingasa kumbuyo n'kuyatsa thireyi ina, choncho nambalayo ndiyo ili ndi mawu omaliza. Kenako zpool replace, ndipo resilver, kumanganso zomwe zinali pa yodwalayo pa disiki yatsopano, yayamba.

Resilver ili mkati, ndayatsa kanyali ka slot iliyonse payokha, n'kumamata kapepala kokhala ndi malemba anayi omaliza a serial number kutsogolo kwa thireyi yake. Mawa ndilemba fayilo ya /etc/zfs/vdev_id.conf, yomwe imalola kupatsa thireyi iliyonse dzina langalanga, kuti zpool status izinena kumanzere2 m'malo mwa sdc.