KAZEMBE WOSAMWA TIYI

Loweruka lina masana kwathu kunafika anyamata awiri, malaya oyera mbee, mataye pakhosi, timabaji takuda pachifuwa. Mayi a kunyumba sanachedwe, anatereka madzi nabwera ndi tiyi wamkaka ndi zitumbuwa. Anyamata aja zitumbuwa anadya ndithu, koma tiyi anakana mwaulemu. "Pepani amayi, ku mpingo kwathu sitimwa."

Atangotuluka pakhomo, mayi aja anandiyang'ana nati: "Abambo, munthu wokana tiyi wa eni nyumba angakhale bwanji ndi anthu?" Ine ndinangoseka, koma funso lija linandikhala m'mutu, chifukwa ndinakumbukira kuti dziko la America linatumizapo munthu wa mpingo womwewu kukakhala kazembe ku China, kwao kweni-kweni kwa tiyi.

Mpingowu ambiri timaudziwa kuti wa a Mormon, ngakhale kuti mu 2018 mtsogoleri wao Russell M. Nelson anapempha kuti uzitchulidwa dzina lake lonse, Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza. Anauyambitsa Joseph Smith mu 1830, ndipo likulu lake lili ku Salt Lake City m'chigawo cha Utah. Lamulo lao la 1833 ndi lomwe limawaletsa mowa ndi fodya, tiyi ndi khofi nazonso anaziika momwemo. Achinyamata ao ambiri amapita kunja zaka ziwiri kukalalika, ndipo amabwerako akulankhula zinenero za eni ake. N'chifukwa chake ena mwa iwo amakathera ku ntchito za ukazembe.

Kazembe ndikunenayu ndi a Jon Huntsman. Ali mnyamata anakalalika ku Taiwan komwe anaphunzira Chitchaina. Anakhalapo kazembe ku Singapore mu 1992, kenaka bwanamkubwa wa Utah kuyambira 2005. Mu 2009 pulezidenti Barack Obama, wa chipani china, anawatuma ku Beijing komwe anakhala mpaka 2011. Mu 2017 a Donald Trump anawatumanso ku Moscow mpaka 2019.

Tsono abale anga, za tiyi n'zazing'ono. Paphwando munthu akhoza kukweza tambula ya madzi, pangano n'kusainidwa bwino-bwino. Nkhani yaikulu ndi iyi: boma la China limavomereza zipembedzo zisanu zokha, ndipo mpingo wa a Huntsman suli m'gulumo. Kulalika n'koletsedwa, ndipo alendo a mpingowu amapemphera paokha, osasakanikirana ndi eni dziko. Ku Russia nako mu 2016 anakhazikitsa lamulo lofinya ntchito yolalika, moti amishonale a mpingowu anasiya kutchedwa amishonale, nayamba kutchedwa anthu ongodzipereka. Ndiye taganizani, kazembe wakhala pa tebulo ndi nduna za boma lomwe likufinya mpingo wake. Kodi mumtima mwake akulankhulira ndani, dziko lake kapena mpingo wake?

Funsoli si lachibwana ai. A J. Reuben Clark anali kazembe wa America ku Mexico kuyambira 1930 mpaka 1933, ndipo chaka chomwecho cha 1933 analowa m'gulu la atsogoleri atatu akulu-akulu a mpingowu. A David Kennedy anali nduna ya zachuma ya Richard Nixon, kenaka kazembe ku NATO, ndipo mu 1974 mpingo unawasankha kuti aziuimirira pokambirana ndi maboma kuti aulole kugwira ntchito m'maiko mwao. Khomo la pakati pa ofesi ya boma ndi ofesi ya mpingo lilipo ndithu, ndipo munthu wofunsa za khomoli sanalakwe. Komabe tisaiwale kuti onse awiriwa analowa ntchito ya mpingoyo atatula kale pansi ya boma.

Mayeso eni-eni anawapeza a Huntsman ku Russia. Mu March 2019 anyamata awiri a mpingo wao anagwidwa mumzinda wa Novorossiysk, anasungidwa pafupi-fupi masabata atatu, kenaka anathamangitsidwa m'dzikomo. Kuthandiza nzika zogwidwa kunja ndi ntchito ya ofesi ya kazembe aliyense, kaya nzikayo imapemphera kaya ai. Muyeso wake ndi wakuti, kodi amene si wa mpingo wako umamthamangira chimodzi-modzi? Miyezi iwiri izi zisanachitike, mu January 2019, a Huntsman anapita okha ku ndende ya Lefortovo ku Moscow kukaona a Paul Whelan amene anagwidwa powaganizira zaukazitape, nkhani yosakhudzana n'komwe ndi tchalitchi. Kwa ine pamenepo ndi pomwe tiyenera kuyang'ana.

Pano ndiulule changa. Chomwe chandilembetsa nkhaniyi si America ai, koma manyazi anga. Pokonzekera chisankho cha pa 17 May 1994 kunali mphekesera yakuti Msilamu akalowa m'boma, matchalitchi onse asanduka mizikiti. Ine, munthu wopita kusukulu, ndinainyamula mphekeserayo n'kukaitula kumudzi kwa agogo ngati uthenga wamaliro. A Bakili Muluzi analamula zaka 10 mpaka 2004. Zabwino zao ndi zolakwa zao aliyense ali n'zonena zake, koma tchalitchi chathu chili pomwe chinali, belu likulirabe Lamulungu lililonse. Ndinaweruza munthu poyang'ana komwe amagwada, ndisanaone ntchito ya manja ake.

Chondichititsa manyazi kwambiri n'chakuti m'banja mwathu tinalawapo kale zowawa za maganizo otere. Amalume anga anali a Mboni za Yehova, mpingo womwe unaletsedwa kuno mu 1967. Anali kalaliki wokhulupirika, wosadziwa kubisa ndi tambala yomwe. Koma atakana kugula khadi, anthu anati munthu wa chipembedzo chotere sangatumikire dziko. Ntchito inatha, nyumba inapsa, ndipo mu 1972 anathawira ku Sinda Misale ku Zambia pamodzi ndi anzao zikwi-zikwi. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993, chaka chimodzi chokha ine ndisanayambe kufalitsa zanga zija. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu 2017 khoti lalikulu la ku Russia nalo linaletsa a Mboni omwewa.

A ku America nao anapunthwapo pamwala womwewu. Malamulo a dziko lao amaletsa kuyesa munthu chipembedzo pomupatsa udindo m'boma, komabe a Reed Smoot, mtumwi wa mpingo wa a Mormon, atasankhidwa kukhala seneta, anzao anawazenga kuyambira 1904 mpaka 1907 asanawalole kukhazikika pampando. Anakhalapo zaka 30. Mu 1960 a John Kennedy anachita kuima pamaso pa abusa ku Houston kulongosola kuti Papa sadzawalamulira.

Sindikunena kuti chipembedzo sichikhudza ntchito. Chimakhudza. Chitchaina chomwe chinawathandiza a Huntsman anachitola polalika. A Jeff Flake, amene anali kazembe ku Turkey kuyambira 2022 mpaka 2024, Africa anaidziwira pa umishonale ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Ndipo ife akuda tili ndi ufulu wofunsa mafunso, popeza mpingowu unayamba kulola anthu akuda kukhala ansembe mu June 1978 mommuno. Munthu sasiya mtima wake pa bwalo la ndege. Koma ndani amausiya? Mkatolika, Msilamu, wa CCAP, ngakhale wosapemphera amene, yense amanyamula kake. Wina amanyamula mtundu wake, wina chipani, wina mimba yake, ndipo kunena zoona wamimbayo ndiye amandiopsa kuposa onse.

Kazembe salankhula zam'mutu mwake. Amalumbira, amalandira malangizo kuchokera ku likulu, amalemba malipoti omwe ena amawerenga. Akakondera a mpingo wake, achotsedwe chifukwa cha kukonderako. Akaona kuti zomwe boma lamtuma zikutsutsana ndi chikumbumtima chake, atule pansi udindo poyera. Koma kumukana asanagwire n'komwe khasu, n'zomwe zija anawachita amalume. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anyamata aja anabweranso patatha milungu iwiri. Mpingo wao sindinalowe, ndipo ndinawauza mosapsatira. Koma ulendo uno mayi a kunyumba anatulutsa thobwa lozizira bwino, ndipo chikho chinabwerera kukhitchini chili mbee.