ZIMENE TIDAONA M'NYUMBA YA MANKHWALA KU SALIMA

Tidanyamuka ku Lilongwe m'mamaŵa, mwezi wa October, kupita ku Salima kukazonda abale. Titapitirira pa Chezi ndi pa Mvera, mseu udayamba kutsika mokhotakhota, ndipo kamphepo ka kumtunda kadatsalira m'mbuyo. Pofika kuchigwa, kumene milambe idali itayoyola masamba onse, thukuta lidayamba kutuluka tisanatsike n'komwe m'basi.

Pakhomo tidapeza msuweni wathu ali ndi nkhaŵa. Mwana wake wa zaka 4 adali atatentha thupi usiku wonse. Agogo a mwanayo adali atagula kale timibulu tinayi kwa munthu wina woyala katundu padzuŵa m'mbali mwa mseu, tokulunga m'kapepala, topanda dzina. Tidawapempha kuti ayambe adikira, ndipo tonse tidauyatsa wopita ku famase ina ya m'tauni, mwana ali kumbuyo.

Titaloŵa, choyamba kutidabwitsa chidali kuzizira kwa m'katimo. Mazenera adali otchinga kuti dzuŵa lisaombe pa mashelefu, ndipo makatoni sadali pansi koma pa matabwa. Pakhoma padali kachipangizo koyezera kutentha, pambali pake pepala lolembapo manambala tsiku ndi tsiku. Mayi woyang'anira famaseyo adatiuza kuti mibulu yambiri imafuna malo osapitirira madigiri 30, pamene insulini wa odwala shuga amasungidwa m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ku Salima, mwezi ngati umenewu, mankhwala otsala padzuŵa amatha mphamvu ngakhale maonekedwe ake asasinthe.

Pamwamba pa kauntala padapachikidwa chiphaso chochokera ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa bungwe lakale la lamulo la 1988. Ndilo limalembetsa mankhwala ololedwa m'Malaŵi muno ndi kupereka chilolezo kwa ogulitsa. Kuseri tidaona bokosi lotseka, mmene amapatulamo mankhwala otha nthaŵi kuti asasakanikirane ndi abwino.

Agogo adamasula kansalu kao naonetsa timibulu tija. Mayiyo adatitembenuza pachikhatho, napukusa mutu.

"Pepani agogo, amenewa musampatse mwana. Palibe dzina, palibe nambala ya gulu lake, palibe tsiku lothera ntchito. Ngakhale ine sindingadziŵe kuti ndi chiyani."

"Nanga mwana wanga, tigulitseni a malungo enieniwo," adatero agogo.

"Ayambe wayezedwa magazi, agogo. Si kutentha thupi konse kumene kuli malungo."

Kunena zoona, ena a ife tidaŵinya, poganiza kuti wamalonda sakana ndalama. Komabe tidapita ku chipatala chapafupi. Adabaya mwana pachala, ndipo patapita mphindi ngati 20 timizere tiŵiri tidaoneka: adalidi malungo. Adamuyeza pa sikelo, popeza mibulu ya LA imaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi, namulembera kumwa kaŵiri patsiku kwa masiku 3, atadya kanthu kapena kumwa mkaka.

Madzulo ake tidabwerera ku famase kukathokoza, ndipo mayi uja adatikumbutsa mbiri imene akuluakulu amaidziŵa. Kale tinkamwa chloroquine, koma tizirombo ta malungo tidamuzoloŵera, kotero kuti mu 1993 dziko lathu lidamusiya n'kuyamba Fansidar. Nayenso adafooka, ndipo mu 2007 kudabwera LA. Kumwa mankhwala opereŵera mphamvu, kapena kulekeza panjira thupi likangozizira, kumathandiza tizirombo kulimba. Kholo limene lisunga mibulu yotsala kuti "idzathandize wina" likuika pangozi ana aŵiri nthaŵi imodzi: wosamaliza mankhwalayo ndi wodzapatsidwa theka.

Ndipo vutoli si lathu lokha ai. Mu 2017 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidayerekeza kuti mankhwala amodzi mwa 10 alionse m'maiko osauka ndi apakati ndi achinyengo kapena osafika pa muyezo. Mu 2022, ku Gambia, ana pafupifupi 70 adafa impso zao zitaonongeka, atamwa mankhwala amadzi a chifuwa okhala ndi poizoni. Mabotolo ake adali okongola ndithu. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lachitatu, pamene tinkatsazika, mwana uja adali panja akuthamangitsa nkhuku. Agogo adali atataya timibulu tija, koma adaumirira kuti amalize LA yense mpaka m'bulu wotsiriza.

Inu makolo, ndi inu anyamata ndi asungwana amene mumatumidwa kukagula mankhwala, poloŵa m'famase kwezani maso muone chiphaso pakhoma. Ŵerengani tsiku lothera ntchito pa paketi, ndipo musalandire mibulu yopanda dzina. Funsani kamwedwe kake kufikira mutamvetsa. Kunyumba sungani mankhwala pamalo ouma, ozizira, kutali ndi moto ndi manja a ana. Ndipo wogulitsa akakukanizani nati "yambani mwaonana ndi adokotala," musamkwiyire: ameneyo wasamala moyo wa mwana wanu kuposa ndalama zanu.